Kumvetsera Nkhani za ku Nyumba ya Malamulo pa Wailesi: Ntchito ya Mphunzitsi

Chaka china, pamene ndinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyeserera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za kumudzi, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 7 kumvetsera phunziro lonena za nthambi zitatu za boma. Mphunzitsi woyesererayo anafunsa kuti, "Kodi ntchito ya aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi yotani?" Mnyamata wina anakweza dzanja nayankha mosakayika konse kuti, "Ntchito yawo ndi kukangana." Kalasi yonse inafa nalo phwete, ndipo mphunzitsi anamuuza mwanayo kuti akhale pansi, nalemba pa bolodi yankho la m'buku lakuti aphungu amapanga malamulo. Pa nthaŵi yopuma ndinamuitana mnyamata uja ndi kumufunsa kumene anazitenga zimenezo. Iye anati amazimvera yekha pa wailesi ya agogo ake, ndipo chimene amamva ndi phokoso, kukuwizana ndi mawu a Sipikala oletsa chisokonezo.

Mwanayu sananame ayi. Ananena zimene khutu lake linamva. Chimene iye sanali kudziŵa ndi chakuti zomwe zimatuluka m'wailesi ndi kachigawo chabe ka zomwe zachitika m'Nyumbamo, ndiponso kuti kachigawoko anachita kukasankha munthu wina. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluŵa. Komabe sitingathe tonse kupita ku Lilongwe kukadzimvera tokha, choncho tidzadalirabe atolankhani kuti akatimverere. Ntchito yathu ife aphunzitsi ndi kuphunzitsa mwana kumvetsera mthenga ameneyu mwanzeru, kuti adziŵe kufunsa chimene chanenedwa, amene wachinena, ndi chimene chasiyidwa. M'nkhani ino tiona mmene mawu a aphungu amayendera kuchokera m'Nyumba ya Malamulo kufika m'khutu la mwana, zimene zimatayika panjira, ndi mmene inu mungagwiritsire ntchito wailesi m'kalasi.

Mmene mawu a aphungu anayambira kufika m'makomo

Si kale kwenikweni pamene anthu wamba anayamba kumva mawu a aphungu awo ali kwawo. Ku Britain, kumene tinatengera zambiri za kayendetsedwe ka Nyumba yathu, aphungu ankalanga osindikiza amene ankafalitsa zokambirana zawo, ndipo mchitidwe woletsawu unatha mphamvu cha m'ma 1771. Pambuyo pake panadza buku lolembedwa mawu onse olankhulidwa m'Nyumbamo, limene limatchedwa Hansard potsata dzina la banja la osindikiza a ku London. Dzina lomweli timaligwiritsanso ntchito kuno kwathu.

Itabwera wailesi, dziko la New Zealand ndilo linatsogola poyamba kuulutsa zokambirana za aphungu ake mu 1936. Wailesi ya BBC inayamba pulogalamu yachidule yotchedwa Today in Parliament mu 1945, koma mawu enieni a aphungu a ku Britain anayamba kumveka pa wailesi nthaŵi zonse mu 1978, ndipo makamera a kanema analoledwa kuloŵa m'nyumba ya aphungu osankhidwa mu 1989. Ku United States, kanema wa C-SPAN anayamba kuonetsa zokambirana za nyumba yaing'ono ya aphungu mu 1979. Chimodzi mwa zifukwa zimene ena mwa maiko ameneŵa anazengerezera chinali chakuti ankaopa kuti phungu akadziŵa kuti dziko lonse likumumva, adzasiya kulankhula ndi aphungu anzake nayamba kulankhula ndi anthu omuvotera. Mantha ameneŵa sanali opanda pake, monga mmene tionere kutsogoloku.

Kuno ku Malaŵi wailesi ya MBC inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene tinalandira ufulu wodzilamulira, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ndiyo inali wailesi yokhayo ya dziko lino youlutsa nkhani. Kuyambira 1966 dziko linali la chipani chimodzi, kotero kuti m'Nyumba ya Malamulo, imene inali ku Zomba, munalibe mbali yotsutsa boma, ndipo womvera anali kumva liwu limodzi. Zinthu zinasintha pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mawu, kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, ndipo mawailesi ena osakhala a boma anabadwa, monga Zodiak imene inayamba mu 2005. Nyumba ya Malamulo nayo inasamukira ku Lilongwe, kumene nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu 2010. Lero mwana wa m'kalasi mwanu akhoza kumva nkhani imodzi yomweyo pa mawailesi angapo, kuiona pa kanema, kapena kuiona pa foni ya mkulu wake. Kuchuluka kwa malilime kumeneku ndiko kwachititsa kuti luso la kumvetsera likhale lofunika koposa kale.

Njira zitatu zoulutsira

Mphunzitsi ayenera kuyamba wasiyanitsa yekha njira zitatu zimene nkhani za aphungu zimatifikira, popeza ana amaziphatikiza zonse nangoti "zanenedwa pa wailesi".

Njira yoyamba ndi youlutsa zokambirana pa nthaŵi yomwe zikuchitika. Apa womvera amamva mawu a phungu monga atulukira m'kamwa mwake, popanda wowadula. Vuto lake ndi lakuti zimatenga maola ambiri, ndiponso zimachitika m'Chingerezi, chifukwa gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limati wofuna kukhala phungu azitha kulankhula ndi kuŵerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana. Choncho anthu ambiri akumudzi amamva kamvekedwe ka mawu, ukali, kuseka ndi kuwomba matebulo, koma mfundo zenizeni zimawadutsa. Mnyamata wanga uja anali m'gulu limeneli.

Njira yachiŵiri ndi ya chidule chimene chimaŵerengedwa pa nthaŵi ya nkhani. Mtolankhani amakhala m'Nyumbamo kumvetsera ndi kulemba, kenaka amatumiza zimene walemba kwa mkonzi, amene amazidula kuti zikwane m'mphindi zoŵerengeka, ndipo wina amazimasulira m'Chicheŵa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chiyankhulo china. Nkhani imeneyi ikamafika kwa womvera imakhala itadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi.

Njira yachitatu ndi ya mapulogalamu a ndemanga, pamene woulutsa amaitana akatswiri kapena andale, mwinanso kulola omvera kuimba foni. Zonenedwa pamenepa ndi maganizo a anthu pa zimene zachitika. Mwana ayenera kudziŵa kuti mawu a munthu woimba foni ali ndi kulemera kosiyana ndi chigamulo cha Nyumba, ngakhale zonse zatuluka m'bokosi limodzi.

Zimene zimatayika panjira

Choyamba chimatayika pa kusankha. Tiyerekeze kuti aphungu akambirana maola anayi, ndipo mkonzi ali ndi mphindi zitatu zokha. Maola anayi ndi mphindi 240, ndiye kuti pa mphindi 80 zilizonse womvera alandirapo imodzi. Mkonzi amasankha chimene chingakope khutu, ndipo mkangano umakopa khutu kuposa kuŵerenga ndime za bilu imodzi ndi imodzi. Sikuti mkonziyo ndi wabodza, koma wailesi yopanda omvera siikhalitsa. Zotsatira zake ndi zakuti tsiku limene aphungu agwirizana mwamtendere pa mfundo zambiri nakangana pa imodzi, dziko limamva za imodziyo.

Chachiŵiri chimatayika pa kumasulira. M'Chingerezi muli mawu aŵiri osiyana, ena otanthauza lamulo limene likungoganiziridwa, lomwe ife timati bilu, ndi ena otanthauza lamulo limene latha kukhazikitsidwa. Womasulira wofulumira akhoza kunena kuti "lamulo" pa zonse ziŵiri, ndipo womvera amaganiza kuti chinthu chayamba kale kugwira ntchito pamene aphungu angoyamba kumene kuchikambirana.

Chachitatu ndi ntchito imene siimveka kaŵirikaŵiri. Mbali yaikulu ya ntchito ya aphungu imachitikira m'makomiti, monga komiti yoona za kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha boma, imene imaunika malipoti a mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma ndi kuitana akuluakulu a m'maunduna kuti adzafotokoze. Ntchito yotere imayenda pang'onopang'ono, ndipo imafika pa wailesi makamaka pakakhala nkhani yotentha.

Chachinayi ndi diso la kamera, limene limaona kumene lalozetsedwa kokha. Chitsanzo chodziŵika bwino chinachitika ku United States mu 1984. Aphungu ena, mmodzi wa iwo Newt Gingrich, anali ndi chizoloŵezi cholankhula mwamphamvu madzulo, ntchito ya tsiku itatha, akudzudzula anzawo a chipani china. Popeza kamera inali kuonetsa wolankhula yekhayo, oonera kunyumba ankayesa kuti odzudzulidwawo ali pomwepo ndipo asoŵa choyankha. Sipikala wa nthaŵi imeneyo, Tip O'Neill, analamula kuti kamera izungulire chipinda chonse, ndipo dziko linaona kuti mipando inali yopanda anthu. Mawu anali omwewo, koma tanthauzo linasintha kamera itangotembenuka.

Chachisanu ndi funso la mwini wake wa wailesi. Wailesi iliyonse ili ndi amene amaipatsa ndalama, kaya ndi boma, mpingo, kapena amalonda. Kuno kwathu nkhani imeneyi inafika poipa mu 2007, pamene aphungu a mbali yotsutsa, amene anali ochuluka m'Nyumbamo, anadandaula kuti wailesi ndi kanema wa boma zikukondera, ndipo pokambirana ndondomeko ya zachuma anazipatsa kwacha imodzi yokha. Sitili pano kuti tiŵeruze amene analakwa. Phunziro lake ndi lakuti aphungu eni ake amadziŵa mphamvu ya woulutsa mawu, ndipo amaiopa.

Zitsanzo ziŵiri zoyenera kupita nazo m'kalasi

Mu July 2002 Nyumba ya Malamulo inavotera bilu yofuna kuchotsa malire a matemu aŵiri amene mtsogoleri wa dziko amaloledwa kulamulira. Aphungu 125 anavomera ndipo 59 anakana. Woulutsa atati, "Aphungu ambiri avomereza biluyo," akanakhala atanena zoona, koma womvera akanasokera, chifukwa biluyo inagwa. Kusintha malamulo aakulu a dziko kumafuna magawo aŵiri mwa magawo atatu a aphungu onse oyenera kuvota, ndipo tsiku limenelo anapereŵera mavoti atatu. Chitsanzo ichi n'chabwino chifukwa chimalumikiza phunziro la kayendetsedwe ka dziko ndi masamu. Nyumba inali ndi mipando 193 kuyambira 1999, ndipo pa chisankho cha 2025 mipandoyo inakwana 229. Afunseni ana apeze magawo aŵiri mwa atatu a 229, ndipo akambirane chifukwa chimene yankho liyenera kukwezedwa kufika pa 153, popeza palibe phungu watheka.

Chitsanzo chachiŵiri ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wosungidwa ndi maofesi a boma. Aphungu analivomereza mu December 2016, mtsogoleri wa dziko analisainira mu February 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Munthu amene anamva pa wailesi mu 2016 kuti "aphungu akhazikitsa lamulo" napita ku ofesi m'maŵa mwake kukafuna mapepala, akanabwerako chimanjamanja. Apa ana angaphunzire ulendo wa bilu: imaŵerengedwa koyamba, imaŵerengedwa kachiŵiri pamene mfundo zake zikuluzikulu zimakambidwa, imaunikidwa ndime ndi ndime, imaŵerengedwa kachitatu, imapita kwa mtsogoleri wa dziko amene ali ndi masiku 21 oti aisainire kapena aibweze, ndipo imasindikizidwa mu Gazette. Malamulo ena amadikiranso kuti nduna ilengeze tsiku loyambira. Mwana wodziŵa ulendo umenewu akamva nkhani amafunsa kuti, "Kodi biluyi yafika pati?"

Kakonzedwe ka phunziro

Phunziro ili likuyenera ana a Sitandade 7 ndi 8, ndipo lingatheke m'mapiriyodi aŵiri. Musadalire kutsegula wailesi m'kalasi pa nthaŵi ya phunziro, chifukwa simudziŵa chimene chidzatuluke, ndipo mwina aphungu sadzakhala akukumana tsikulo. Jambulani pa foni nkhani za madzulo kuchokera ku mawailesi aŵiri osiyana, za tsiku limodzi ndi mutu umodzi. Ngati mulibe chojambulira, mvetserani nokha ndi kulemba mawuwo mokhulupirika, kenaka muwaŵerengere ana monga achitira woulutsa. Mverani zojambulazo kaŵiri musanapite nazo m'kalasi, ndipo sankhani mutu wokhudza moyo wa ana, monga ndalama za sukulu, mtengo wa fetereza kapena zipatala.

Ana asanamve kanthu, lembani pa bolodi mafunso asanu aŵa:

1. Kodi ndani walankhula, ndipo ali ndi udindo wanji?
2. Kodi tamva mawu ake enieni, kapena woulutsa ndiye watiuza zimene iye wanena?
3. Kodi Nyumba yagamula chiyani, kapena ikadakambirana?
4. Kodi mbali inayo yapatsidwa mpata woyankha?
5. Kodi ndi chiyani chimene tikadafuna kudziŵa koma sitinauzidwe?

Gaŵani kalasi m'magulu, ndipo m'kalasi yaikulu gulu lililonse lisamale funso limodzi. Ana amve nkhani ya wailesi yoyamba kaŵiri, koyamba ali chete, kachiŵiri akulemba. Chitani chimodzimodzi ndi yachiŵiri. Kenaka jambulani mizere iŵiri pa bolodi ndipo magulu anene zimene apeza. Ana amazindikira okha kuti wailesi ina yayamba ndi mawu a nduna pamene ina yayamba ndi mawu a mtsogoleri wa mbali yotsutsa, kapena kuti ina yatchula chiŵerengero cha ndalama pamene ina yatchula mkangano wokha. Musafulumire kuwauza chifukwa chake. Afunseni iwo aganize.

Pa piriyodi yachiŵiri sandutsani kalasi kukhala Nyumba ya Malamulo yaing'ono. Sankhani Sipikala, mbali ziŵiri zokhala moyang'anana, ndi mlembi amene adzalembe zonse monga Hansard. Mutu ukhale wapafupi, monga wakuti ana azisesa pabwalo m'maŵa kapena akaŵeruka. Sankhaninso atolankhani atatu okhala kumbuyo. Zokambirana zikatenga mphindi 15, mtolankhani aliyense apatsidwe theka la mphindi kuti aŵerenge nkhani yake pamaso pa anzake. Mudzaona kuti nkhani zitatuzo zidzasiyana, ndipo ana amene analankhula koma sanatchulidwe adzadandaula. Dandaulo limenelo ndilo phunziro lenileni, choncho lipatseni nthaŵi. Mlembi aŵerenge zimene analemba kuti kalasi ione kukula kwa zomwe zatayika, ndipo atolankhaniwo afotokoze chifukwa chimene anasankhira izi ndi kusiya izo. Mwana amene wakhalapo mkonzi kwa theka la mphindi amamvetsa vuto la mkonzi weniweni, ndipo amasiya kuganiza kuti chosiyidwa chilichonse chasiyidwa mwa chiwembu.

Chenjezo kwa mphunzitsi

Phunziro ili lili ndi minga yake. M'kalasi mwanu muli ana a makolo otsatira zipani zosiyanasiyana, ndipo zimene munganene masana zidzafika pakhomo madzulo. Inu ndinu wantchito wa boma wotumikira ana onse. Musatchule wailesi ina kuti ndi yabodza ndi ina kuti ndi yoona, ndipo musaonetse mbali imene mtima wanu uli, ngakhale ndi kuseka kapena kupukusa mutu. Mwana akakufunsani kuti, "Nanga inu aphunzitsi muli mbali iti?" muyankheni mwaulemu kuti voti ndi yachinsinsi, ndipo mubwererenso ku mafunso asanu aja. Adziŵitseni aphunzitsi aakulu za phunziroli lisanachitike, ndipo muwaonetse zojambula zanu. Peŵani kupereka phunziroli pa nyengo ya kampeni ya chisankho, pamene mitima imakhala itatentha.

Palinso ngozi ina yobisika. Mukalimbikira kwambiri kuonetsa zofooka za wailesi, ana akhoza kutuluka ndi maganizo akuti atolankhani onse ndi onama ndipo aphungu onse ndi opanda pake. Mwana wotero wataya zambiri kuposa uja amene amakhulupirira zonse, chifukwa sadzamvetseranso, ndipo akadzakula sadzaona chifukwa chokavotera. Akumbutseni kuti makolo awo ambiri anakula pa nthaŵi imene kunalibe mawailesi aŵiri oti n'kuyerekeza, ndi kuti kumva aphungu akutsutsana poyera ndi chizindikiro chakuti m'dziko muli ufulu wolankhula. Kutsutsana ndi mbali ya ntchito ya phungu ndithu, malinga kukhale ndi mfundo ndipo kuthere pa chigamulo.

Ndikakumbukira mnyamata wa Sitandade 7 uja, ndimaona kuti mphunzitsi wake akanangomufunsa kuti, "Unamva akukangana za chiyani, ndipo anamaliza bwanji?" phunziro lonse la tsikulo likanachokera pa yankho la mwanayo. Inu mukadzakumana ndi yankho lotero, musadzalifafanize ndi la m'buku. Mudzalitenge ndi kuyambira pomwepo.

Musanapite kukayeserera ntchito teremu ikudzayi, yesani nokha zinthu ziŵiri. Mvetserani nkhani za ku Nyumba ya Malamulo pa mawailesi aŵiri kwa masiku atatu otsatizana ndi kuyankha mafunso asanu aja m'kope mwanu. Kenaka lembani ndondomeko ya phunziro la mphindi 35 pa mutu wakuti "Ulendo wa Bilu", yosonyeza zolinga, zipangizo, zochita mphunzitsi ndi zochita ana, ndipo mubwere nayo kuti tidzakambirane m'kalasi.